Kugwadira Nyumba Yogula Ndekha

Loya uja ndimamuonabe m'tauni muno. Tikakumana pafupi ndi msika amandikwezera dzanja ngati ndine azakhali ake, ine ndimangoyang'ana kumbali. Akumpingo amati munthu wopemphera sasunga chakukhosi. Ndimawauza kuti ayambe agula kaye nyumba, tidzakambirane bwino.

Ndine wa ku Thyolo. Ndinabwera ku Mzuzu ndili mtsikana, kutsatira amuna anga amene ankagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka imvi mbuu. Ana anga onse anabadwira kuno. Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera, analira, anatenga majekete ndi wailesi, n'kubwerera kwawo. Palibe amene anandifunsa za mipando kapena za ana, chifukwa kwathu ana ndi a mayi, ndipo wolankhula pa nkhani za mkazi ndi mlongo wake, mwinimbumba. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo zaka zonse zimene ndakhala kumpoto kuno sizinandichoke m'mutu.

Nditapuma pantchito ndinkakhalabe m'nyumba ya sukulu. A hedi anandilola kudikira ndalama zanga zopumira, koma zitangotuluka anayamba kundifunsa kuti galimoto ya boma ibwere liti kudzanditula kwathu. Kwathu kuti? Kamunda ka amayi ku Thyolo abale anga anagawana kalekale, ndipo zidzukulu zanga zimalota m'Chitumbuka. Ndinkafuna nyumba kuno, yangayanga, yoti munthu asadzandiuzenso tsiku lotuluka. Ndalamazo zinali zokwana nyumba imodzi basi. Ndikaphonya, panalibenso kachiwiri.

Nyumba ndinaipeza ku Ching'ambo kudzera mwa mnzanga wa kwaya. Inali ya zipinda zitatu, malata otopa, koma inali pamtunda pamene madzi a m'dambo safika, ndipo khoma linali losang'ambika. Wogulitsa anali mayi wamasiye, wocheperapo kwa ine, wolankhula motsitsa, wa ana awiri. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chinacho, ndipo iye ankafuna kugulitsa kuti akamange kwawo. Ndinamukonda, ndisaname. Ndinkati wamasiye mnzanga sangandiyende pansi.

Anthu ambiri kuno amagula nyumba ndi kapepala kolemba pamanja, mboni ziwiri, basi zatha. Ine ndinakana. Ndinati munthu wophunzitsa ana a eni ake zaka zonsezi sindingagule nyumba ngati ndikugula mbuzi, ndikufuna loya, ndikufuna dzina langa lilowe m'mabuku a boma. Mayi uja anati ali naye loya amene anamuthandiza kutsata penshoni ya malemu. Ndinati zakhala bwino, tisavutike kufuna wina. Anandiuzanso kuti mwa chizolowezi wogula ndiye amalipira loya ndi misonkho yosinthira dzina. Ndinavomera, ndipo ndinkaona ngati poti ndikulipira ndine, ndiye kuti loyayo ndi wanga. Mwana aliyense wa sitandade 4 akanaganiza chimodzimodzi.

Ofesi yake inali m'mwamba mwa sitolo ina pakati pa tauni, masitepe ake otsetsereka moti ndinkafika pamwamba mawondo akulira. Pakhomo pankakhala sekilitale wa zikhadabo zazitali amene sankadzutsa mutu pafoni ngakhale upereke moni kawiri. Mwini wakeyo anali bambo wa thupi, wonunkhira, wa tayi ngakhale Lachisanu. Kwa ine ankalankhula Chingerezi chothamanga, kwa mayi uja Chitumbuka chofewa, akatopa n'kusakaniza zonse ndi Chichewa. Chitumbuka ndimachimva bwinobwino, koma iye ankayesa kuti poti ndine wakummwera ndiye kuti makutu anga ndi okongoletsa mutu.

Tsiku losaina mgwirizano lisanafike, ndinaika lamulo langa. Ndinauza mayi uja kuti sinditulutsa ndalama mpaka mlongo wake abwere, aone ndi maso, asaine ngati mboni. Ndinali nditamva nkhani zambiri za anthu ogula nyumba kenako achibale n'kutulukira, ndiye ndinati ine nditseke khomo limenelo. Mayiyo anandiyang'ana modabwa. Anafunsa kuti mlongo wake akudzatani pa nkhani ya nyumba. Ndinamuyankha ngati ndikuphunzitsa kalasi kuti chinthu chachikulu chotere sichichitika mwinimbumba asakudziwa. Iye anangothokoza m'Chitumbuka, nati, “Yewo, amama, ndimuitana.”

Mlongoyo anabweradi, kuchokera kumene amacheka matabwa. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pabondo, osadziwa chimene amuitanira. Ndinamufunsa ngati banja likuvomereza kuti nyumba igulitsidwe. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana loya, n'kunena kuti iye alibe vuto. Alibe vuto, inde! Akanakhala nalo bwanji, nyumba si ya kwawo? Anasaina pamene anamulozera, kenako anandinong'oneza kuti ndimubwezere ya thiransipoti.

Zonsezi loya ankaonerera, manja atapinda pamimba, akumwetulira. Ndisanasaine ndinamufunsa mwachindunji, ndipo mawu ake ndimawakumbukira bwino.

“A loya, kodi palinso wina woyenera kufunsidwa?”

“Kumbali yanga, madamu, zonse zili bwino chomene.”

Ndinasaina. Tinapita ku banki, ndalama zinalowa kwa mayi uja, iye n'kundipatsa makiyi. Tsiku limenelo ndinakwera njinga ya kabaza kubwerera kusukulu ndikuimba nyimbo ya kwaya, mvula yowaza ikundinyowetsa, osadandaula.

Ndiye panayamba kuthamanga. Ndinkayesa kuti ukalipira loya, mapepala amayendetsa ndi iye. Ayi ndithu, ankayendetsa ndi miyendo yanga. Ananditumiza kukhonsolo kuti ndikamve za msonkho wa nyumba. Kumeneko ndinapeza kuti malemu anasiya kulipira kalekale, ndipo popanda kumaliza zotsalirazo khonsolo sipereka kalata yake. Nditamuuza loya, anati mayi uja ndi wamasiye, ndimumvere chisoni, ndingolipira kuti zinthu ziyende. Ndinalipira. Ananditumiza kuofesi ya zamalo, kumene ndinamva koyamba kuti malo a m'tauni ndi obwereka ku boma, amalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kumenekonso kunali zotsalira. Ndinalipira. Anati pakufunika munthu woyeza mtengo wa nyumba kuti msonkho wa sitampu udziwike. Ndinamupeza ndekha, ndinamukweza takisi ndekha. Ku ofesi ya misonkho ndinakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi, n'kundiuza kuti kalata yosonyeza kuti wogulitsa alibe mangawa a msonkho amapempha ndi wogulitsayo kapena loya wake, osati ine.

Marisiti onse ndinkakatula kwa sekilitale uja, iye n'kumawaponya mufayilo osawayang'ana. Ndikafunsa za abwana ake, yankho linali lokonzeratu. Ali kukhoti. Ali ku Lilongwe. Ali kumaliro. Munthu ameneyo amafedwa kuposa mpingo wonse! Tsiku lina anandiuza kuti ali ku Karonga, ine ndikumumva mwini wakeyo akuseka pafoni kuseri kwa chitseko. Ndinakhala pompo, chikwama pamiyendo, ndinati ndidikira abwere ku Karongako. Atatuluka sanachite ngakhale manyazi. Anati chilolezo chosinthira umwini chimachedwa, boma ndi boma, ndifatse.

Ndinafatsa, ndipo podikira ndinkakonza nyumba yanga. Tindalama totsala tinathera pamenepo. Ndinasintha malata a kuchipinda chachikulu, ndinaika zitsulo m'mawindo, ndinakumbitsa dzenje latsopano la chimbudzi. A hedi ndinawapempha kuti andipirire mpaka kutseka kwa teremu, ndimalize kupaka penti.

Linali Loweruka m'mawa, ndili pakhonde la nyumbayo ndikukolopa madontho a penti, pamene ndinamva odi pageti. Anali bambo wachikulire, wamtali, wowonda, wa jekete yakuda ndi ndodo. Anandipatsa moni wa Chitumbuka, ndinayankha. Sanadikire kuti ndimulozere mpando. Analowa, anazungulira nyumba yonse, anasuzumira m'mawindo, anagogoda malata atsopano ndi ndodo yake, ine ndikumutsatira pambuyo tsache lili m'manja. Kenako anandifunsa kuti ndine ndani ndipo ndikutani panyumba ya mng'ono wake.

Ndinamuuza kuti nyumbayi ndagula, mapepala ali kwa loya. Anafunsa kuti ndagula kwa yani. Ndinatchula mayi uja. Anafunsa kuti ndinafunsa yani. Apa ndinaimika khosi, chifukwa ndinkadziwa kuti ndinachita zonse mwadongosolo. Ndinati mlongo wake wa mayiyo anabwera yekha, anavomereza, anasaina.

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

“Mlongo wake? Amama, kuno mlongo wa mkazi ndi mlendo. Ife tinapereka ng'ombe. Mkazi ndi wathu, ana ndi athu, nyumba ndi ya ana athu.”

Anandiuzanso chimene palibe anali atandiuza, kuti malemu anali ndi mkazi woyamba amene anamwalira, ndipo ana a mkazi ameneyo ali kumudzi, akuleredwa ndi iyeyo. Za kugulitsa anamva kwa munthu wapaminibasi. Ndinamuuza kuti ng'ombe zake akakambirane ndi amene anazidya, ine ndinagula ndi thukuta langa, atuluke. Anatuluka mwaulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipsetsa mtima kwambiri. Lolemba nditabwera ndinapeza loko wina pageti, wamkulu kuposa wanga.

Ndinathamangira kupolisi. Anandimvetsera, anati iyi ndi nkhani ya kukhoti, ndisaswe loko ndingapalamule. Ndinapita kuofesi ya zamalo. Anandiuza kuti achibale a malemu aika chiletso pa nyumbayo, ndipo dzina silingasinthe mpaka chiletsocho chichoke. Anandionetsa pakompyuta kuti nyumba ikadali m'dzina la malemu, ndipo palibe pempho lililonse losintha umwini limene linafikapo. Miyezi yonse ija ya boma ndi boma, fayilo yanga inali isanatsike n'komwe masitepe a loya.

Tsiku limenelo sekilitale sindinamupatse moni. Ndinakankha chitseko chamkati. Loya anali akudya chipisi pa desiki, ndipo anandilozera mpando ndi foloko. Sindinakhale. Ndinamuuza zonse, iye akutafuna. Atamaliza anapukuta manja n'kuyamba kundiphunzitsa, mofatsa, ngati ndabwera kudzalemba mayeso.

Anati munthu akamwalira osasiya wilo, katundu wake sagulitsidwa ndi aliyense, ngakhale mkazi wake, mpaka khoti lipereke kalata yosankha woyang'anira chuma cha masiye. Anati mayi uja ali ndi gawo lake ndithu, ndipo ng'ombe sizichotsa gawo limenelo, koma ana onse a malemu, a mkazi woyamba omwe, ali ndi gawo lawonso. Anati kalata ya kukhotiyo inali isanatuluke, iye ankayembekeza kuti aikonza pang'onopang'ono achibale asanadzuke. Anati popanda kalatayo a zamalo sangapereke chilolezo, a misonkho sangapereke kalata yawo, ndipo mgwirizano umene ndinasaina sungasunthe dzina la munthu. Zonse ankazidziwa, abale inu. Ankazinena mosajejema, ngati Atate Athu.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze tsiku lija, ndisanatulutse ndalama, pamene ndinamufunsa pamaso pa anthu. Anatsegula fayilo, anaitembenuza kuti ndione pachikuto. Panali dzina la mayi uja.

“Madamu, kasitomala wanga ndi wogulitsa. Inu munangolipira. Mukanafuna wokulangizani mukanapeza loya wanu.”

Ndinakumbukira mmene loyayu ankamwetulira pamene mlongo uja ankasaina. Iye ndi wa konkuno, amadziwa bwino amene amafunsidwa nyumba ya mwamuna ikamagulitsidwa, ndipo anaona mayi wa ku Thyolo akuitanitsa munthu wolakwika, akudzitama kuti watseka khomo, n'kungopinda manja. Mawu amodzi okha akanakwana. Ndinamutchula zinthu zimene sindingalembe pano, zina m'Chichewa, zina m'Chilomwe cha agogo anga chimene ndinkayesa kuti ndinaiwala. Sekilitale anadzutsa mutu pafoni kwa nthawi yoyamba.

Mayi uja ndinakamupeza kwa mnzake ku Katawa kumene ankasungidwa. Ndinapita nditakonzeka kumung'amba, koma ndinapeza munthu watha kale, maso atatupa. Anati alamu ake amuitanitsa kumudzi, akumuopseza kuti amulanda ana. Anati iye ankayesa kuti poti pali loya ndiye kuti zili m'malamulo. Ndinamufunsa za ana a mkazi woyamba, anangoyang'ana pansi. Ndinati andibwezere ndalama zanga tisiyane. Anati zina anaumbitsa njerwa ndi kugula malata kwawo, zina analipira sukulu ya ana, zina anabweza ngongole za matenda a malemu. Anayamba kulira. Sindinamutonthoze. Ndinamuuza kuti misozi yake sindingagonemo, n'kutuluka. Mpaka lero sindikudziwa ngati anali wopusa kapena wochenjera, ndipo sindikufunanso kudziwa.

Teremu inali ikutha. Mphunzitsi watsopano anali atafika kale ndi banja lake, akugona m'kalasi yosungiramo mabuku, ndipo mkazi wake ankadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse akuyang'ana makatani anga. A hedi anasiya kundipatsa moni wautali. Ana anga ankati ndikakhale kwa mmodzi wa iwo, koma onse ndi a lendi, zipinda ziwiri, ana pabalaza. Ndinali ndi makiyi a nyumba ya zipinda zitatu m'chikwama, ndikusowa kolowera.

Ndinamezera malovu n'kubwereranso kwa loya, chifukwa mapepala anga onse anali kumeneko. Ndinamufunsa kuti tsopano nditani. Anati nditha kusuma, koma iye sangandiimire chifukwa ali mbali inayo, ndipo milandu ya malo imatenga zaka. Kenako anatsitsa mawu ngati akundipatsa mphatso. Anati iye anthu akwawo amawadziwa, mkulu wake wa malemu uja sikuti akufuna nyumba, wakwiya chifukwa sanafunsidwe. Anati ndipite kumudzi, ndikagwade, ndikapepese mwamwambo. Mtima wake ukatsika achotsa chiletso, apita kukhoti limodzi ndi mayi uja, kalata ituluka, banja ligawana zimene ligawane, ine ndilowa m'nyumba. Anati wazionapo zambiri zoterezi, zimatha ndi phepani.

Amenewo ndiwo malangizo okhawo amene munthu ameneyu anandipatsa chiyambire. Ndinalipira munthu wa malamulo, iye n'kundiuza kuti ndikagwade.

Ndinakana masiku angapo. Ndipepese chiyani? Ndinaba? Mwana wanga wamkulu, amene anakwatira Mtumbuka, anandikhazika pansi. Anati amayi, kunyada sikufolera nyumba, pitani. Mpongozi wanga anandiuza zoyenera kutenga ndi mawu oyenera kunena, anandibwerezetsa mpaka lilime linazolowera. Anandichenjeza kuti ndisakayankhe, ndisakakweze mawu, ndisakayang'ane mkuluyo m'maso, ndipo ndisakatchule za polisi. Ndinagula shuga, mchere, sopo, bulangete ndi tambala wamkulu. Tinatumiza uthenga, anayankha kuti tibwere.

Tinanyamuka m'mawa, ine ndi mayi uja, pa minibasi yolowera ku Rumphi. Tinakhala mpando umodzi, tambala ali pamapazi anga, osalankhulana njira yonse. Titatsika tinakwera lole ya matola, kenako tinayenda pansi. Ine ndinali nditavala chitenje pamwamba pa diresi yanga ya kutchalitchi, nsapato zikundiluma.

Anatilandira bwino, ndisawanamizire. Anatiyalira mphasa pabwalo, amayi a pamudzipo anabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo, mkulu uja pakati. Ana a mkazi woyamba anaitanidwa kuti ndiwaone, atsikana awiri ndi mchimwene wawo wamkulu kale, nkhope zawo ngati chithunzi cha malemu chimene ndinachotsa pakhoma popaka penti. Ndinayang'ana kumbali. Sindinabwere kudzamvera chisoni anthu ena.

Anayamba ndi mayi uja. Anamukalipira nthawi yaitali, wina akamaliza wina n'kuyamba, iye ali chigwadire akulira. Ine ndinakhala pamphasa dzuwa likundiwotcha m'khosi, ndikubwereza mawu anga mumtima. Kenako mkulu uja anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mlendo ali ndi mawu.

Ndinadzuka, ndinayenda mpaka patsogolo pa mipando, ndinagwada pa dothi. Mawondo anga ndi otupa, adokotala anandiletsa ngakhale kugwada kutchalitchi. Ndinagwada. Ndinaika mphatso patsogolo, tambala akupalapata. Ndinanena m'Chitumbuka kuti phepani adada, ndinalakwa, ndinalowa pakhomo panu osagogoda, ndine mlendo, mwambo wa kuno sindinaudziwe, ndichitireni chisoni. Mawu aliwonse ankandiwawa potuluka. Ine amene ndaphunzitsa ana mpaka ena ndi madokotala, ine amene sindinagwadirepo mwamuna wanga, ndinali pa dothi ndikupepesa chifukwa chogula nyumba ndi ndalama zanga. Ndinawauzanso, ngakhale mpongozi sanandiphunzitse zimenezo, kuti ndilibe kwina kopita, ndalama zanga zonse za ukalamba zili m'makoma amenewo.

Amuna aja anang'ung'udza mogwirizana. Mkuluyo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anati ndalankhula bwino, ndine mayi waulemu, ndipo tsiku lija pakhonde anadziwa kuti unali mtima chabe. Anati mlandu wa kusafunsa watha, kupepesa kwanga alandira, palibenso chakukhosi pakati pa ine ndi banja lawo. Anauza mkazi wake kuti atenge mphatso, tambala aphedwe alendo adye. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinaganiza za makatani, kuti a kubalaza akhala aafupi pa mawindo a ku Ching'ambo.

Kenako anakonza kukhosi.

“Mwapepesa bwino, amama, ndipo takukhululukirani. Koma nyumba sitigulitsa. Ana awa bambo awo anawasiyira chimenecho chokha. Za ndalama zanu mukambirane ndi amene munamupatsa.”

Ndinadikira kuti mwina pali mawu ena, kuti mwina ndi mmene akuluakulu amayambira asanafewe. Panalibe. Mmodzi wa amunawo anayamba kale kufunsa mnzake za mtengo wa feteleza.

Ndinafuna kudzuka kuti ndiwauze zonse zimene zinali pamtima panga, za malata, za zitsulo za m'mawindo, za misonkho ya mbale wawo imene ndinalipira ine, za loya wawo wonunkhira. Mawondo anakana. Ndinayesa kachiwiri, ndinagwira pansi ndi manja onse awiri, osatheka. Ndinakhala chigwadire pamaso pa mudzi wonse mpaka mkazi wa mkulu uja anabwera, anandigwira m'khwapa, anandidzutsa, n'kundisansa dothi pachitenje.

Mlandu uli kukhoti tsopano, ndi loya wina amene ndinamufunsa katatu kuti ndi wa yani ndisanakhale pampando. Ndimakhala ku Mchengautuwa, chipinda ndi balaza, bafa yogawana ndi mabanja ena, ndipo mipando yanga ina ili kwa ana chifukwa simukwana. M'nyumba ya ku Ching'ambo muli anthu a lendi oikidwa ndi banja lija. Zonsezo zimandiwawa, koma chimene chimandinyansa kwambiri ndi cha pabwalo paja. Mkazi wa mkulu uja atandidzutsa, anthu onse akundiyang'ana, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinatembenukira kwa mkuluyo, ndinawomba m'manja mwaulemu, ndinati yewo chomene, adada. Ndipo tambala wanga ndinadya nawo.